Geti lopanda mpanda landitsekereza mwana wanga

Aphungu,

Lolemba pa 12 Meyi mwana wanga Feliya, wa Sitandade 2, anaiwala kunyumba kabotolo kake kopopera mkamwa. Ali ndi mphumu, ndipo nyengo ino yosankha fodya fumbi limamutseka pachifuwa. Ndinasiya fodya m'chigafa n'kupalasa njinga kumulondola.

Kusukuluko anaika geti lachitsulo. Mpanda palibe, njerwa tikuumbabe. Getilo langoima lokha pamtetete, mbuzi zikudutsa mbali zonse. Mlonda wake ndi alamu anga a Tsoka, achimwene a mkazi wanga, amene timadyera mbale imodzi.

Anandiimitsa n'kuti, "Tikuthandizeni bambo?" Ndinati, "Alamu, ndine." Iwo anati, "Ulamu kunyumba. Pano amalowa yekhayo amene analembedwa kuti ndi mwini mwana."

Polembetsa mwana, mkazi wanga anatchula mwini mbumba monga mwa mwambo wathu, poti ine ndine mkamwini. Mwini mbumbayo ndi a Tsoka omwewo. Ndinati ndiye kabotoloko kakaperekeni ndinu. Anati sangachoke pageti, pangalowe munthu wachilendo. Nditafunsa kuti wachilendoyo ndani, analoza ine.

Feliyayo ndinkamuona ali pansi pa mtengo akuphunzira, koma kumukuwira akuti n'kusokoneza kalasi. Ndinadikira mpaka anaweruka, akupuma ngati wakwera phiri.

Ndaona kuti ana asukulu amalowa osafunsidwa. Ine ndinalekezera Sitandade 2 yomweyo. Kodi ndikalembetsenso kuti ndizikhala naye pafupi? Telala wati yunifolomu ya msinkhu wanga atha kusoka.

V.M., Wimbe, Kasungu

A V.M.,

Telalayo muuzeni asadule kaye nsalu.

Lamulolo si loipa. Alipo anthu amene amafika pasukulu n'kunena kuti "ndine bambo ake," n'kupita ndi mwana wa eni. Cholakwika n'chakuti dzina lanu palibe, ndipo chimenecho n'chokonzeka tsiku limodzi.

Mawa mulawire ndi mayi a Feliya, chiphaso chanu m'thumba, mukawapeze aphunzitsi aakulu asanalowe pagetipo. Apempheni alembe dzina lanu pambali pa la amalume. Umwini mbumba sutha chifukwa bambo walembedwa. Mutengenso buku la kuchipatala, mugwirizane kuti kabotolo kena kazikhala ndi aphunzitsi a m'kalasi mwake, chifukwa mphumu sidikira belu. Fodyayo musankhire kutali ndi pogona mwana.

Alamu anuwo mukawakumbutse kunyumba, kumene ulamu umagwira ntchito, kuti mlonda ali ndi pakamwa: atha kuitana mphunzitsi ali chiimire pageti pomwepo. Tsiku limene mudzaone mwana akubanika, kuwani ndithu, kalasi isokonezeke. Masiku ena onse musatsatire njira ya mbuzi.

Koma za Sitandade 2 ziiwaleni. Feliya akadzakuposani mayeso, ndi pakhomo panu pomwe muzidzalowa mopempha.