Maola Anayi ndi Mphindi 35 pa Benchi

Lachiwiri, 24 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikulemba kalatayi pa tebulo la pabalaza, amalume ndi mayi a ana ali pompano. Ati ndisadzuke mpaka nditamaliza.

Muli bwanji kumeneko? Diso la amayi likupola chichitireni opaleshoni? Kuno tili bwino, kupatula kachifuwa ka mwana wamng'ono.

Nkhani ndi ya ulendo wa amayi wa pa 3. Mukukumbuka kuti inu munali pa ulendo wa ntchito, ndiye tikiti ndinakagula ndine. Mtsikana wa pakauntala anati ndege inyamuka 8:45 m'mawa, ikatera kwanuko 9:40. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati mwanayu walakwitsa. Kufunsa ndinachita manyazi, pambuyo panga panali anthu a masuti.

Nditafika kunyumba ndinatenga pensulo. Kuchoka kuno kufika kwanuko ndi makilomita 410, ndipo basi imatenga maola 11. Ndinati ndege, kaya ithamange bwanji, singapose basi kawiri. Ndinapeza maola asanu ndi theka. Ndinawerenga katatu, yankho lomwelo. Choncho ndinaimbira alamu, akazi anu, kuti akachingamire amayi 2:15 masana.

Ndegeyo inatenga mphindi 55.

Zotsatira mukuzidziwa. Kabwalo ka ndege ka kwanuko amakatseka ndege ikangobwerera. Amayi anakhala pa benchi ya panja maola anayi ndi mphindi 35, osaona bwino, opanda foni, chikwama atachikumbatira. Mlonda atawafunsa, akuti anayankha kuti ana awo sachedwa, ndegeyo ndiyo yafulumira.

Chimene simukudziwa ndi ichi. Pa 5 munandiimbira mutakwiya, kufunsa nthawi imene ndinawauza alamu. Ndinati ndinawauza ya pa tikiti. Ndinanama, achimwene. Alamu ananena zoona. Anafika 2:15 yeniyeni monga ndinawauzira, atatenga madzi ndi nsalu yoti amayi afunde.

Mumanditcha wakalaki wa pabanja, ndipo zaka 14 ndakhala pa sikelo ya kusitolo osasokonezapo nambala. Ndinaopa kuti mundiseka. Ndinkayesa mukangana tsiku limodzi basi zitha. Pa 6 ndinamva kuti munawanena kuti ndi abodza, sasamala apongozi awo, ndipo iwo analongedza n'kupita kwa makolo awo. Ndinamva, koma ndinakhalabe chete.

Dzulo mayi a ana akusesa anapeza pepala la masamu aja pansi pa wailesi, 2:15 nditaizunguliza ndi pensulo. Sanandikalipire. Anangoliyala pa tebulo n'kukaitana amalume. Amalume atalipenya anati masamuwo ndi okhoza, cholakwika ndi mwini pensulo. Palibe anaseka.

Pepalalo ndaliika mu envelopu momwemu. Chonde pitani nalo kwa alamu, muwawerengere kalatayi makolo awo akumva. Ngati afuna ndibwere ndidzapepese ndi pakamwa panga, abwana andilola kuchoka Loweruka pa 28. Ndidzabwera pa basi.

Amayi muwauzenso, musawabisire. Mundiperekere moni kwa iwo ndi kwa ana. Mulungu akusungeni, akufewetseninso mtima, osati kwa ine, koma kwa amene sanalakwe.

Lero alamu akwanitsa masiku 18 ali kwawo. Onsewo ali pamutu panga, ndipo mawa akhala 19.

Ndine mng'ono wanu,
Wakalaki