Kodi ya F

Lolemba, 7 Julaye

Sabata yachitatu chibwerereni adadi kuchipatala. Sitiroko yawapha mbali yonse yakumanzere, ndi pakamwa pomwe. Munthu woimba gitala mukwaya ya kuno ku Bangwe zaka 22, lero watsala ndi liwu limodzi basi: "Kodi." Amayi amati akufunsa. Amagwada pambali pa bedi, "Kodi chiyani, bambo a Ana?" Kenako amakalirira kuseri kwa nyumba.

Lachitatu, 9 Julaye

Ndatsitsa gitala yawo pamsomali kuti ndiwaimbire nyimbo ya Maria ija anapeka okha. G, C ndi D ndimatha. Pa F ndimabera, ndimangogwira nsambo zitatu zam'munsi. Ndikangofika pamenepo, iwo "Kodi." Katatu konse. Ndiye ndazindikira: sakufunsa kanthu, akunena kodi ya pagitala. Akundidzudzula! Ndaseka mpaka misozi, kenako yatsala misozi yokha.

Lachinayi, 10 Julaye

A Venansio a kukwaya anabwera kudzazonda. Andionetsa F yeniyeni: chala chamkombaphala chigone pa nsambo zonse zisanu ndi imodzi, chachikulu chizikankha kumbuyo. Akuti zimatenga miyezi. Miyezi ndiitenga kuti ine? Anesi anatiuza kale kuti tizingowasamalira kunyumba.

Loweruka, 12 Julaye

Chala chatupa. Gitala ikulira ngati chitini, makamaka nsambo yachiwiri, imeneyo imandida. Kunja chiperoni, manja auma ndi kuchapa zofunda zawo. Atanenanso "Kodi" ndinapsa mtima. Ndinawakumbutsa kuti ndili mwana anakana kundiphunzitsa, ati gitala ndi ya anyamata. Anangondiyang'ana. Ndikuchita manyazi mpaka pano.

Lolemba, 14 Julaye

Phala akana. "Kodi" kawiri kokha, chapansipansi.

Lachitatu, 16 Julaye

Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta. Atapita, amayi anati ndisiye phokoso. Ndinawafotokozera za kodi ija, sanakhulupirire. "Bambo ako akufunsa ngati akufa, iwe uli ndi zoimba." Mwina akunena zoona. Koma ndikasiya, ndiwapatsa chiyani? Ndikuopa kwambiri.

Lachinayi, 17 Julaye

M'mawa nditawapukuta adadi ndinakhala pampando pambali pa bedi, gitala m'manja. Ndinapendeketsa chala pang'ono, ndikugonetsa mbali ya fupa. Nsambo zonse zinalira bwinobwino, yachiwiri yomwe. Ndinaimba nyimbo yonse, F kanayi, osabera. Paliponse ndimadikira liwu lawo lija. Sananene kanthu. Ndinasangalala, zoona ndinasangalala, mumtima ndinati lero ndakhoza.

Amayi anaima pakhomo, kapu ya tiyi m'manja.

"Kodi agona?"

Maso a adadi anali otsegula. Chala changa chinali chikadali pa nsambo.