Alamu pa mpando wakumbuyo

Achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndilipo, msana wokha ndiwo ukudandaula.

Pantchito yangayi ya takisi, foni ndiyo imandisankhira wokwera. Changa n'kuyendetsa ndi kutseka pakamwa, poti dalaivala wolongolola okwera amamumana nyenyezi zoyamikira pafonipo. Nkhope zathu saziona, amangodziwa nkhongo.

Lachiwiri foni inandituma pageti ya chipatala. Anakwera alamu, amuna anu aja mumati akuvutika kusaka ntchito kuno. Anenepa ndithu. Sanandizindikire, maso onse anali pa kakhanda kamene mayi wina yemwe anakwera nawo anafukata. Alamuwo anandipempha kuti ndiziyenda pang'onopang'ono pamabampu. Ndinamvera, mwana alibe mlandu.

Atatsika anandipatsa nyenyezi zisanu.

Khomo lomwe analowa ndaliloweza. Mukandifunsa, ndiyankha ngati mlongo wanu. Mukapanda kufunsa, ine ndi dalaivala chabe.

Ndine mlongo wanu.