Nthochi ya pa siteshoni

Lolemba, 5 Juni 2006
Sitima ya ku Woolwich yandisiya ndi mphindi ziwiri. Poti ndifune pokhala, ndakwera masitepe ena omwe sindinakwerepo. Pamwamba, munda! Denga lagalasi, mpweya wofunda, fungo la dothi lonyowa. Pansi sitima zili gudugudu, anthu pikitipikiti, koma muno zii. Pakona nthochi yeniyeni, ili ndi mkoko. Ndayima ngati ndakumana ndi wakwathu ku Thekerani.

Lachitatu, 7 Juni
Ndapitanso. Maphava asanu ndi limodzi, ndawerenga kawiri. Wosamala mundawo ndi mzungu wa imvi, pachifuwa palembedwa Killian. Amapukuta tsamba lililonse ndi kansalu, monga timasambitsira okalamba kuntchito. Munthu wa manja abwino. Koma chimodzi sadziwa: duwa lofiirira la kunsi kwa mkoko walisiya. Likudya chakudya cha nthochi. Kwathu tikanathyola kale.

Lachisanu, 9 Juni
Ndathyola. Dzanja linangopita lokha. Duwa m'chikwama, utomoni pa yunifomu. Suchoka.

Lolemba, 12 Juni
Azunguliza chingwe pa nthochi ija, apachika chikalata. Ndakopera mawu onse, Anna mwana wa achemwali wandiwerengera. Akuti amene anawononga adziulule, apo ayi nkhani ipita kupolisi. Anna akuti, "Anti, kuno sathyola ngakhale udzu. Makamera aja mumayesa maluwa?" Kuntchito kwathu dzina likangofika kupolisi, basi, okalamba sudzawakhudzanso.

Lachiwiri, 27 Juni
Milungu iwiri ndikuzungulira pa basi, kupewa siteshoni ija. Lero mtima wakana, ndakasuzumira. Nthochi zanenepa, zonse kulingana, mpaka phava lomaliza. Sindinalakwitse ulimi. Koma panabwera ana a sukulu ndi mapensulo, ndipo a Killian amawaonetsa chithunzi cha duwa lija papepala, kenaka n'kuloza pachitsa. Chingerezi changa n'chochepa, koma "zaka zinayi" ndamva. Zaka zinayi akudikira duwa, osati nthochi. Muno sadya, amangoona. Ine osaganizako.

Lachitatu, 28 Juni
Kalata yopepesa kwa a Killian yatha, Anna waika m'Chingerezi. Za ana a nthochi amafuna kuchotsa, ndakana. Ndaipereka kwa mlonda wa pachipata. Ndikopere muno momwe ndinanenera:

"Pepani bambo kukuvutitsani, muli ndi ntchito yambiri. Ndine Mayi Chisenga, ndinathyola duwa ndine. Si chipongwe. Ndinalima nthochi zaka makumi awiri, ndiye ndinayesa ndikuthandiza. Munda ngati wanu sindinauonepo. Patsinde paphuka ana anayi. Musiye mmodzi wamphamvu, duwa lina simudikira zaka zinayi. Ine sindikhudzanso. Ngati mwaganiza za kupolisi, chonde mundiyankhe lisanafike Lachisanu, kuti abwana anga amve kwa ine, asamve kwa ena."