Sadaka ya Achimwene Yusufu

Okondedwa amalume,

Salaamu aleikumu. Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Makanjira tilipo, koma amayi sakudya, thupi latha.

Amalume, za achimwene Yusufu zija sizikutha ayi. Anzawo awiri aja amene anapita nawo panyanja afika Lachisanu wapansi, mapazi otupa. Akuti ankangotsatira usipa basi, kenako anangoona boti la asilikali a tsidya lija, ati mwadumpha malire. Malire pamadzi, amalume! Ine kusukulu ndinawaona pamapu, kamzere kofiira, koma panyanja mungawaone pati? Asilikaliwo anawalanda injini ndi khoka la chilimira. Achimwene ataona mfuti anadziponya m'madzi. Anzawowo sanawaonenso, kaya anamira, kaya boti lina linawavuula.

Tikafunsa kuboma akuti nkhani ya mayiko awiri amakambirana ndi akuluakulu, ife tidikire.

Ndiye pakhomo pano pavuta. Azakhali akufuna tiphike sadaka kuti mzimu ugone. Amayi akukana, akuti, "Mundiphikire sadaka mwana wamoyo? Akabwera adzadye nawo?" Alamu akungokhala m'nyumba, sakudziwa ngati ndi amasiye kapena ayi. Ineyo ndikangomva injini ndimathamangira kudoko, ndiye dzulo ndinaitana munthu wina kuti achimwene, atatembenuka sanali iwo.

Inu ndinu mwini mbumba. Chonde imbani foni munene chimodzi, tiphike kapena tidikire? Mpunga umene azakhali agula ndaubisa kaye, musawauze.

Allah akusungeni kumeneko.

Ine mwana wanu,
Asiyatu