A Tosoratti Anayi pa Khoma la Kalabu

Colonia Caroya,
9 Juni 1998

Okondedwa achimwene Fulvio,

Ine Nélida Tosoratti, mwini digiri ya mbiri yakale, ndikupereka dandaulo ili ndi ulemu wonse umene wanditsalira. Watsala wochepa.

Kalabu ya Ataliyana kuno yakhoma chikwangwani cha mkuwa cholembedwa kuti "A Tosoratti Otchuka." Alipo anayi. Bishopu wa ku Udine amene sanapondeko kuno. Wopalasa njinga amene timamukumbukira chifukwa chogwera m'ngalande. Woimba wina yemwe si m'bale wathu n'komwe. Wachinayi ndinu, "dokotala wa mano ku Milano." Kuzula anthu mano kwasanduka ulemerero!

Ndinamupeza Don Ubaldo, wapampando wa kalabu. Ndinati, "Nanga bambo anga, amene salame wawo, soseji ya nkhumba ija, mwadya zaka makumi anayi mpaka lamba wakukanani?"

Iye ati, "Iwe Nélida, za nkhumba sitilemba pa mkuwa."

Ine, "Zoona, akulu. Inu munazilemba pamimba."

Lamlungu ndinapita ndi bambo kukaona. Anayang'anitsitsa dzina lanu, kenako anati, "Fulvio ameneyu ndi mwana wa ndani? Makolo ake ayenera kuti amanyadira." Ndinaseka mokweza kuti anthu ayese nthabwala.

Sinali nthabwala, achimwene. M'makalata onse aja ndinkati ali bwino. Ndinkanama. Chiyambire Pasaka amandiitana dzina la malemu mayi, ndipo ndimavomera. Adokotala akuti pofika chisanu cha chaka chamawa mwina sadzazindikiranso munthu.

Mwezi wa mawa tikupha nkhumba, monga chaka chilichonse. Muyeso wa mchere, adyo ndi vinyo wothira mu salame uli m'mutu mwawo mokha, ndipo pamenepo pokha sanaiwalebe. Ine ndi digiri yanga anakana kundiphunzitsa, ati n'za mwana wamwamuna. Akumudikirabe mwanayo, ngakhale dzina lake lawathawa. Zaka khumi ndi chimodzi osabwera kuno, achimwene!

Azakhali a Ida akupereka moni, ati pachithunzi chija mwanenepa ngati wansembe.

Chipukuta misozi changa ndi ichi. Mufike pa 11 Julayi mutavala suti yanu yodula koposa, mutsuke matumbo a nkhumba ziwiri m'madzi ozizira, ine nditakhala pampando n'kumakulozerani pomwe mwasiya. Ndipo bambo akakufunsani kuti ndinu yani, muwayankhe nokha. Ine ndatopa kukuyankhirani.

Ndine mlongo wanu wokwiya,
Nélida