Mwendo wa Nguluwe pa Khonde la Dona

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu zaka ziwiri tsopano, ndipo nthawi zonse ndinkaseka anzanga. Lero mundiseke ine, koma mukatha kuseka mundithandize, chifukwa mwezi uno usanathe ndiyenera kupereka yankho.

Ndine kalaliki pa famu ina ya fodya kuno ku Madzimoyo. Anandilemba kuti ndizichonga matikiti a antchito ndi kutaipa makalata a Bwana. Chaka chatha mkazi wa Bwana, amene antchito amamutcha Dona Misozi, anayambitsa bungwe loletsa anthu akumidzi kusaka nyama. Popeza wodziwa Chingerezi pa famupo ndine ndekha, ntchito ya bungwelo inagwera ine. Ndimataipa timapepala, ndimakwera kumbuyo kwa galimoto kupita m'midzi kukatanthauzira mawu a Dona, ndipo pachifuwa ndimavala baji ya chithunzi cha gwape.

Aphungu, mtima wanga suli pamenepo. Ndine mwana wa mlenje, ndinakulira nyama ya uzimba, ndipo sindiona tchimo munthu akapha nguluwe imene yafukula dimba lake. Tsiku lina ku Kasenengwa Dona anauza anthu kuti nyama ndi abale athu, ine n'kutanthauzira monga ananenera. Mayi wina, a Ketilina, anaimirira nati, "Akalaliki, tawafunsani Adonawo. Ngati nguluwe ndi m'bale wawo, bwanji osabwera kudzamutenga? Watimalizira mbatata kudimba." Ine ndinauza Dona kuti mayiyo akuthokoza.

Tsono vuto lenileni nali. Apongozi anga aamuna, a J——, a m'mudzi wa —— m'dera la Kasenengwa, ndiwo amatsogolera uzimba kwawoko. Mwezi watha, tchire litapsa, anatumiza mawu obwereka mkondo wa malemu bambo anga, umene ndimasunga kudenga. Ndinapereka. Kwathu mwambo ndi wakuti mkondo wobwereka ukalasa nyama, mwini mkondo amalandira mwendo wam'mbuyo, ndipo wobwerekayo amadzaupereka yekha ndi manja ake, satuma munthu. Zimenezi ndimazidziwa bwino. Chimene sindinaganizire n'chakuti mkondowo ukalasadi.

Lachinayi lapitalo kunali msonkhano wa bungwe. Madona asanu ankamwa tiyi pakhonde, ine ndili pakona ndi kope kulemba zokambirana, pamene tinangoona njinga ikulowa pa geti lakumaso. Anali apongozi, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anali atafikira kunyumba kwanga, koma mkazi wanga Vailet anali kuchitsime, ndiye anansi anawalozera kunyumba yaikulu. Pakaliyala panali mwendo wa nguluwe wokulunga m'masamba a nthochi, chiboda chikusuzumira kunja. Anatsika, navula chipewa, nati, "Odi kuno! Ndafuna apongozi anga akalaliki. Mkondo wawo wagwira ntchito."

Dona ataona chibodacho anakuwa, nandifunsa kuti, "Kalaliki, munthu uyu ndani?" Aphungu, chimene chinandilowa sindichidziwa. Ndinayankha m'Chingerezi kuti ndi wogulitsa nyama wosochera. Kenaka ndinatembenukira kwa apongozi, ndipo mokweza, kuti madona amve ukali wanga, ndinati, "Iwe, choka pano!"

Apongozi anamasula luzi pang'onopang'ono, naika mwendowo pa sitepe ndi manja awiri, naomba m'manja monga mwa mwambo, nakwera njinga. Dona analamula khukhi wake, a Andireya, kuti akaukwirire kuseri kwa chigafa. Kumene anaukwirira sindikudziwa, koma kukomboni kunanunkhira masiku awiri.

Tsopano Dona akufuna dzina la munthuyo ndi mudzi wake kuti akazipereke ku Boma. Akuti ndikalephera ndiye kuti ndili mbali ya opha nyama, ndipo apeza kalaliki wina. Nyumba imene ndikukhalayi ndi ya pa famu. Vailet amandiphikirabe, koma chiyambire tsikulo amangonditcha "Bwana Iwe". Kodi ndipereke dzinalo? Kapena ndipeke dzina la munthu amene kulibe? Munthu angagwire bwanji ntchito imene chikumbumtima chake chikuikana?

P.D., Madzimoyo, Fort Jameson.

*

A P.D.,

Ndaseka monga munandilolera, ndipo ndatha. Tiyambe ndi timizere tiwiri timene mukutiona m'kalata yanu. Munalemba dzina lonse la apongozi anu, mudzi wawo, ngakhale mtsinje umene amatungako madzi, m'kalata yoti isindikizidwe m'nyuzipepala, uku mukufunsa ngati n'koyenera kuulula dzina la apongozi anu. Wafufuta ndine, za mtsinjezo n'kuchotseratu. Dona akungodzivuta pokuopsezani. Akadangokupatsani pepala ndi cholembera, n'kukhala pansi kudikira.

Dona wanuyo sindinamuonepo, koma khonde lake ndikulidziwa, pakuti makonde a pa mafamu a fodya anabadwa kwa mayi mmodzi. Mawa polowa mudzakweze maso pamwamba pa chitseko, mudzapeza nyanga za njati. Mudzayang'ane pansi pa tebulo la tiyi, mudzapeza chikopa cha nyalugwe. Nyama zimenezo sizinafe ndi chimfine. Bwana akatsikira kuchigwa cha Malambo kukapha nyama ndi mfuti zitatu, anthu makumi awiri atamunyamulira hema ndi bafa, amati wapita kokasewera. Apongozi anu akathamangitsa nguluwe ndi mkondo wobwereka, amati nkhanza. Masiku ano a boma la Chitaganya timauzidwa m'mawa ndi masana kuti tonse, azungu ndi akuda, ndife abwenzi. Ndakondwa kumva kuti nguluwe yafika kale pa ubale, ife eni dziko tikugulirabe shuga pawindo la sitolo, osaloledwa kulowa pakhomo.

Komatu musathamangire kuomba m'manja. Misozi ya Dona si yonse yachabe. Nyama zikuthadi m'malo ena. Ntchefu zimene agogo anu ankakumana nazo chakuno ku Mtenguleni, inu munangozimva m'nkhani. Dona akadafunsa alenje, akadamuuza okha kuti yabere salasa, yoyamwitsa amailekera ana ake, ndi kuti nguluwe ya m'dimba ndi nkhani ina. Koma Dona alibe makutu a Chinyanja. Makutu ake ndinu. A Ketilina anafunsa funso labwino kuposa zonse zimene zinalankhulidwapo pa khondelo, inu n'kulisandutsa zikomo. Chaka chathunthu mzimayiyu wakhala akubwerera kunyumba akukhulupirira kuti Kasenengwa yense akumuthokoza. Anamunamiza ndani?

Mwandifunsa za chikumbumtima. Mawu aakulu amenewo, onunkhira mabenchi a kumishoni. Chikumbumtima chanucho chinavala baji ya gwape miyezi khumi ndi iwiri osatsokomola n'komwe. Chinakwera galimoto, chinagwedeza dzanja kwa anthu oyenda pansi. Chinadzuka tsiku limene chiboda chinasuzumira m'masamba a nthochi. Ndikuuzeni, achimwene, anthu ambiri m'dziko muno amagwira ntchito kwa mabwana amene sagwirizana nawo maganizo. A Andireya amaphika zimene sadya, ndipo mwaona nokha kuti amakwiriranso zimene amadya. Kutaipa maganizo a munthu si kuwameza. Pamenepo mulibe mlandu.

Mlandu wanu ndi mawu atatu aja. Munthu wamkulu, amene anakupatsani mwana wake, anapalasa njinga kuchokera ku Kasenengwa pa dzuwa la Okutobala, atavala jekete la kutchalitchi. Akadafuna, akadadya mwendowo ndi ana ake n'kukuuzani kuti mkondo unaphonya. Iye anabwera nawo yekha, monga mwambo ufunira, kuti akulemekezeni pamaso pa anthu amene mumawagwirira ntchito. Inu munamutcha "iwe", ngati mbuzi yolowa m'munda. Iye sanakubwezereni. Anamaliza mwambo wonse mpaka kuomba m'manja. Pa khonde lonse lija munthu wophunzira anali mmodzi yekha, ndipo anabwera pa njinga.

Tsono chitani izi. Loweruka lino pitani ku Kasenengwa. Musapite nokha ngati munthu wokabwereka khasu. Tengani ankhoswe anu, tengani tambala wamkulu, baji isiyeni kunyumba. Akakupatsani mpando, pakuti munthu wotere adzakupatsani, inu mukhale pa dothi. Musakayambe ndi nkhani ya madona asanu, nyumba ya pa famu ndi mantha a ntchito. Nenani chimene pakamwa panu panatulutsa, mupepese, mukhale chete. Vailet akafuna kupita nanu, apite. Akakana, musamukakamize, ndipo dzina limene wakupatsanilo musalidandaule, munaligwirira ntchito.

Lolemba pemphani tchuthi cha theka la tsiku mupite ku Boma. Kafunseni kalaliki mnzanu kumeneko kuti lamulo limati chiyani za nguluwe yowononga mbewu imene yaphedwa ndi mkondo. Mukafunse ngati munthu wofuna kudziwa, osati ngati wakuba wodzipereka. Ine ndikukayika ngati kuli bwana wa Boma amene angatume mesenjala ulendo wa tsiku lonse chifukwa cha nguluwe imodzi, koma musatsamire pa kukayika kwanga, kamveni nokha. Chimene ndikudziwa n'chakuti bungwe la tiyi si Boma, ngakhale litakhala ndi mabaji.

Dzina lopeka ayi, ndakana. Dzina lililonse limene mutu wanu ungapeke, ku Kasenengwa kuli mwini wake, ndipo mesenjala akamupeza akupalira dimba lake osadziwa kanthu. Mwanyoza kale munthu mmodzi wosalakwa, akukwanirani.

Dzina loti mupereke lilipo, ndipo mumalitaipa tsiku ndi tsiku. Mwambo womwewo umene unabweretsa mwendo pa sitepe ukunena poyera kuti mkondo uli ndi mwini. Dikirani nthawi imene Bwana ali pomwepo, pakuti anakulembani ndi iye, ndipo mvula ili pafupi, sangakonde kuyamba kuoka fodya alibe wochonga matikiti. Muuzeni Dona mwaulemu, manja kumbuyo ngati mufuna, kuti: "Mkondo unali wanga, ndinaubwereketsa ndikudziwa ntchito yake. Mwendo umene munalamula kuti ukwiriridwe unali gawo langa. Ngati mukufuna dzina lopita nalo ku Boma, lembani langa. La munthu wamkulu uja sindinena." Mukatero vulani bajiyo muike pa tebulo pafupi ndi shuga. Muwauze kuti matikiti ndi makalata mudzagwira monga kale, ndipo akafunabe womasulira kumidzi mudzapita, koma mudzamasulira zonse, za Dona kupita kwa anthu ndi za anthu kubwera kwa Dona.

Sindikukulonjezani kuti zidzatha bwino. Munthu amene amalirira gwape sakhala ndi misozi yotsala yolirira kalaliki. Angathe kukuchotsani, nyumba n'kukulandani. Choncho pobwerera ku Boma kuja mudzalowe ku mishoni ndi m'masitolo a amwenye, mudzafunse ngati akufuna munthu wodziwa taipi. Odziwa taipi ku Fort Jameson mungawawerenge ndi zala, mabwana ofuna kalaliki ndi ambiri. Koma apongozi amene angapalase njinga kudzakupatsani mwendo ndi manja awiri muli nawo amodzi, ndipo mukatchula dzina lawo ku Boma, ngakhale mlandu utapanda kukhalapo, ana anu adzakula akudziwika kuti bambo wawo anagulitsa agogo awo chifukwa cha baji.

Chenjezo lomaliza. Madona olirira nyama ku Madzimoyo si ambiri, ndipo wina adzamunong'oneza kuti khonde lake lalowa m'nyuzipepala. Chinyanja sawerenga, ndiye adzaitana inu. "Kalaliki, pepala ili likuti chiyani?" Tsikulo muwerengereni zonse, kuyambira pa nyanga za njati mpaka pansi pano. Musamuuze kuti Aphungu akuthokoza.

Phungu wanu.